GIF ya injini ndikufuna ikhale PDF yoti ndipulinte, koma ikutuluka zidutswazidutswa

Sipanala14 analemba:

Moni nonse. Ndagwira njakata, ndithandizeni.

Ine ndine mlangizi wa ntchito yokonza magalimoto. Za kompyuta ndimadziwa zongondikwanira: kulemba, kusunga, kupulinta, basi. Ndiye ngati funso langali ndi lachibwana mundipirire.

Ndili ndi kachithunzi koyenda ka GIF koonetsa mkati mwa injini ya four-stroke ya silinda imodzi. Pisitoni imatsika n'kukwera, mavalavu awiri aja amatseguka ndi kutsekeka iliyonse pa nthawi yake, pulagi imathetheka, mpweya wosakaniza ndi petulo umalowa uli wabuluu, ukayaka umafiira, kenako utsi wotuwa n'kutuluka. Kachithunzika kandithandiza kwa zaka. Zomwe ndinkalongosola ola lathunthu ndi choko, manja ali mbuu, ophunzira amazigwira pa mphindi zochepa akangokaona kakuzungulira pa laputopu. Koma laputopu ndi imodzi, ophunzira alipo 26, ndipo akamatuluka m'kalasi injini ija imatsala ndi ine. Mayeso akafika, wina amandijambulira valavu ya utsi ili yasaa pomwe pisitoni ikupanikiza mpweya. Injini yoteroyo ingalire?

Ndiye ndinaganiza zoti aliyense akhale ndi pepala lake loti amate m'kope. Apa ndi pomwe mavuto anayambira.

Poyamba ndinaika GIF ija mu Word n'kusunga ngati PDF. Chinatuluka chithunzi chimodzi chokha, pisitoni itaima njii, ngati injini yomwe yatha mafuta. Kenako mwana wanga anandipezera webusaiti ina yomwe imati imasintha GIF kukhala PDF. Ndinakweza fayilo, ndinadikira, ndinatsitsa PDF ya masamba 72. Mtima unakhala pansi. Nditatsegula, tsamba loyamba linali bwinobwino, injini yonse ikuoneka. Tsamba lachiwiri: kapisitoni kokha kakuyandama pa pepala loyera, silinda palibe, mavalavu palibe. Tsamba lachitatu chimodzimodzi, ndi kachidutswa ka con-rod, kachitsulo kolumikiza pisitoni ndi chitsulo chozungulira chotchedwa crank, pansi pake. Masamba ena ali ndi timizere tiwiri titatu basi, ngati nkhuku yapalasa. Ndinangoti kukamwa yasa.

Ndinapulinta tsamba loyamba lokhalo kuti ndione. Nalonso linandikhumudwitsa. Chithunzi chinadzaza A4 yonse koma mizere yake ili manomano ngati sowo, ndipo buluu uja sakusiyana ndi china chilichonse chifukwa pulinta yathu ndi ya inki yakuda yokha.

Ndikadina kumanja pa fayiloyo n'kuona Properties, ikuti m'lifupi 300, m'litali 400. Kaya zimenezi zikuthandizani.

Mafunso anga: n'chifukwa chiyani masamba enawo atuluka zidutswa? Fayilo yangayi yawonongeka? Nanga pali njira yoti zithunzi zonse zituluke zathunthu? Ndipo ngakhale zitatuluka, masamba 72 kuchulukitsa ndi ophunzira 26 ndi mapepala 1,872. Amenewo sindingawapeze, ndipo palibe kope lomwe lingawasenze.

Chiphaniphani anayankha:

Aphunzitsi, fayilo yanu ilibe vuto lililonse. Zomwe mwaona pa masamba amenewo ndi momwedi GIF ilili mkati mwake. Webusaiti ija yangokuvundukulirani poto osapakula.

Ndikufotokozereni ndi bolodi lanu lomwelo. Mukajambula injini ndi choko, ndiye mukufuna kuonetsa pisitoni itatsika pang'ono, kodi mumafufuta injini yonse n'kuyambiranso? Ayi. Mumafufuta pisitoni yokha n'kuijambula m'munsi, silinda n'kuisiya momwemo. GIF nayo imachita zomwezo. Mtundu wa fayilo umenewu anaupanga a CompuServe mu 1987, n'kuuwonjezera mu 1989, nthawi yomwe intaneti inkadutsa pa waya wa telefoni ndipo chithunzi chimodzi munthu unkachidikira. Pofuna kuti fayilo ichepe, opanga ma GIF ambiri amasunga fulemu yoyamba yokha yathunthu (fulemu ndi chimodzi mwa zithunzi zosinthana zomwe zimapanga kuyendako). Mafulemu otsatirawo amangosunga kagawo komwe kasintha, ndi malangizo oti kaikidwe pati pamwamba pa chithunzi cham'mbuyo. Pulogalamu yoonetsera imasanjikiza zidutswazo mwachangu, inu n'kumaona injini yathunthu ikuzungulira. Webusaiti yanu ija yatenga kachidutswa kalikonse pakokha n'kukapatsa tsamba lake, osasanjikiza.

Kunena za Word, nayo siinalakwe. PDF anaipanga a Adobe mu 1993 kuti ikhale ngati pepala: tsamba lizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse ndi pa pulinta iliyonse. Mukaipatsa chinthu choyenda imangotenga fulemu yoyamba. Ena akuuzani kuti PDF itha kunyamula vidiyo mkati mwake. N'zoona, koma mapulogalamu ambiri owerengera PDF saionetsa, ndipo inu mukufuna pepala, ndiye tisataye nthawi pamenepo.

Mankhwala ake ndi kusanjikiza kaye mafulemu musanawatulutse. Njira yomwe ine ndimakhulupirira ndi ImageMagick, ndi yaulere ndipo ilipo ya Windows, Mac ndi Linux. Ilibe mabatani, mumachita kulemba, koma musaope. Mukaiika m'kompyuta, pangani foda yatsopano, ikanimo GIF yanu yokha, muitche injini.gif. Muli mu fodamo, dinani pamwamba pomwe pamalembedwa adiresi ya foda, lembani cmd n'kumenya Enter. Patseguka kawindo kakuda. Lembanimo izi:

magick injini.gif -coalesce -background white -alpha remove chithunzi_%02d.png

Mawu ofunika pamenepa ndi -coalesce, ndi omwe akusanjikiza zidutswa zija. Enawo akuika pepala loyera kuseri kwa chithunzi, chifukwa ma GIF ena kuseri kwawo n'koonekera, ndipo mukapanda kutero nthawi zina kumatuluka kwakuda bii, inki yanu n'kuthera pamenepo. Mu fodamo mupeza mafayilo 72, kuyambira chithunzi_00.png mpaka chithunzi_71.png, iliyonse injini yathunthu. Zindikirani kuti imayamba kuwerenga pa 00, osati pa 01. Musunge ngati PNG momwe ndalemberamu, osati JPG. JPG imadetsa m'mbali mwa mizere, ndipo chithunzi chanu ndi cha mizere yokhayokha.

Ngati kawindo kakudako kakuopsani, pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP nayo imatha. Mukatsegula GIF mu GIMP, fulemu iliyonse imakhala leya yakeyake, ngati pepala limodzi pa mulu wa mapepala osanjikizana, ndipo pa dzina la leya mumaona zolembedwa ngati 50ms ndi combine. Combine imeneyo ndi yomwe ikukuuzani kuti leyayo ndi chidutswa chabe. Pitani pa Filters, Animation, Unoptimize, ikupatsani chithunzi chatsopano chomwe maleya ake onse ndi athunthu. Kenako File, Export As, dzina lithere ndi .pdf, muchonge Layers as pages. Muonetsetse kuti masamba akuyambira pa leya ya pansi (bottom layers first), chifukwa fulemu yoyamba imakhala pansi penipeni pa mulu wa maleya, ndipo akayambira pamwamba injini yanu izungulira chobwerera, kukoka utsi n'kulavula petulo.

Koma njira ya GIMP iyi ikupatsani masamba 72 omwe mukuwathawa aja, kungoti athunthu. Za kuchepetsa, ine injini sindiidziwa. Ndingokuuzani kuti mukasankha mafulemu anu, kuwaika pa tsamba limodzi ndi chinthu chaching'ono.

Kadzioche_wa_foni anayankha:

Ine zinandichitikirapo zofanana koma gwero lake linali lina, ndiye ndingotchula mwina wina zimuthandiza. Chithunzi changa ndinachilandira pa WhatsApp, pakona pake palembedwa GIF, koma nditachikopera mu kompyuta dzina lake linathera ndi .mp4. WhatsApp imasintha ma GIF kukhala kavidiyo kopanda mawu, chizindikiro chokhacho ndi chomwe chimatsala. Ndinavutika madzulo onse pulogalamu ikungokana. Zina zomwe timatsitsa pa intaneti zimakhala .webp, nazo zimayenda koma si GIF. Choncho yang'anani kaye kumapeto kwa dzina la fayilo. Ikakhala mp4, tsegulani mu VLC, imitsani, ndiye batani la E limasuntha fulemu imodziimodzi, mukafika pomwe mukufuna Shift ndi S imajambula.

Yanuyo aphunzitsi ndi GIF yeniyeni, poti yatulutsa zidutswa.

Chinanso, poti muli pa Windows: mukapeza ma PNG anu, sankhani omwe mukufuna, dinani kumanja, Print. Pomwe pali dzina la pulinta sankhani Microsoft Print to PDF. Kumanja kuli masanjidwe, ena amaika zithunzi 4 pa tsamba, ena 9, ena mpaka 35. Muchotse chongi pa Fit picture to frame, apo ayi imadula mitu, pulagi yanu itsala kunja. A Mac zawo n'zophweka, Preview imaonetsa yokha mafulemu onse a GIF m'mbali.

Gogo_Makaniko anayankha:

Anyamatawa akuuzani za mabatani, ine za mabatani ndilibe mawu. Koma injini ndaitsegula kuyambira tsitsi lili lakuda, ndiye achimwene ndiloleni ndilankhule za injiniyo.

Mwati zithunzi zilipo 72. Wojambulayo anali munthu wanzeru. Four-stroke imamaliza ntchito yake crankshaft ikazungulira kawiri, madigiri 720. Gawani ndi 72, mupeza kuti chithunzi chilichonse ndi madigiri 10. Sitiroko imodzi ndi madigiri 180, ndiye kuti zithunzi 18. Mukatenga chithunzi chimodzi pa zithunzi 9 zilizonse, mukhala ndi zithunzi 8: poyambira sitiroko iliyonse, ndi pakati pake. Zina 64 zotsalazo sizikuphunzitsa chatsopano, ndi pisitoni yomweyo itasuntha kachala kamodzi. Pa laputopu zimafunika kuti diso lione kuyenda kosalala. Pa pepala zingomusokoneza mwana.

Koma musangowerenga 9, 9, 9 mutatsinzina. Yang'anani kaye kuti pisitoni ili pamwamba penipeni pa chithunzi chiti, valavu yolowetsa ikuyamba kutseguka, muyambire pamenepo. Wojambula atha kuyambira paliponse pomwe anafuna.

Tsopano mvetsani ichi, chifukwa ndi pomwe ambiri amagwa. Tengani chithunzi cha pisitoni ili pakati pa silinda. Ikutsika kapena ikukwera? Pa laputopu funso limeneli kulibe, maso akuona okha. Pa pepala pisitoni yangoima. Ya pakati pokoka mpweya ndi ya pakati pa kuyaka, crank ili malo amodzi, con-rod yapendekera mbali imodzi. Ya pakati popanikiza ndi ya pakati potulutsa utsi, chimodzimodzi, mapasa. Chosiyanitsa ndi kavalavu kotseguka pang'ono kamene mwana wothamanga sakaona n'komwe, ndi mtundu wa mpweya, womwe mwanena kale kuti pulinta yanu yaudya. Ndiye mwana uja wojambula valavu ya utsi ili yasaa popanikiza, mukamupatsa mapasa amenewa opanda chizindikiro, mwamuwonjezera chisokonezo.

Muike mivi. Muvi wonenepa pa pisitoni woloza komwe ikupita, muvi wokhota pa crank, muvi wolowa kapena wotuluka pa valavu yomwe yatseguka. Valavu yotseka muilembe kuti yatseka. Kuyenda komwe pepala lachotsa mukubwezere ndi cholembera. Mabuku akale a makina ankachita zomwezi kompyuta kulibe, ndipo tinaphunzira.

Chomaliza, moto wa pulagi. Inu mukudziwa kuti pulagi imathetheka pisitoni isanafike pamwamba, osati itafika. Ngati wojambulayo anatsata zoona, motowo uli pa chithunzi chimodzi kapena ziwiri zokha, ndipo kuwerenga kwanu kwa 9 kutha kuwudumpha. Pepala lophunzitsa injini ya petulo lopanda moto wa pulagi ine sindingalilandire. Muufunefune.

Tsamba_Loyera anayankha:

Ine ntchito yanga ndi yosindikiza, ndiye ndiyankha za mano a sowo aja.

300 ndi 400 zomwe mwaona pa Properties ndi mapikiselo, timadontho tomwe tapanga chithunzicho. Tilipo tomweto basi, simungatichulukitse pokoka makona. A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi, 297 m'litali. Mukasiya malire m'mbali mumatsala ndi pafupifupi 190, omwe ndi mainchi 7 ndi theka. Mapikiselo 300 kuwamwaza pa mainchi 7 ndi theka ndiye kuti madontho 40 pa inchi. Ife tikamasindikiza chithunzi chabwino timafuna 300 pa inchi, ndipo A4 yodzaza pa muyezo umenewo imadya mapikiselo 2480 ndi 3508. Mukuona kutalikirana kwake. Pa 40, kadontho kalikonse kamakula kupitirira theka la milimita, diso limakaona lokha.

Ndiye nzeru ya agogo ikuthandizani kawiri. Goneketsani pepala cham'mbali, muike zithunzi 4 pamwamba, 4 pansi. Chilichonse chikhala pafupifupi mamilimita 68 m'lifupi, madontho 112 pa inchi. Si zonyadira, koma pa chithunzi cha mizere chowerengera m'kalasi n'zokwana. Mukachepetsa kufika pa 60 kuti mupeze malo olemba mawu pansi, mufika pa 127, n'kuoneka bwinoko. Ma GIF pafupifupi onse ndi ang'onoang'ono chonchi, anapangidwira sikirini. Komanso fulemu ya GIF siipitirira mitundu 256, ndiye pomwe mtundu ukusintha pang'onopang'ono amangowaza timadontho kuti anamize diso. Mukakulitsa timadontho timeneti timaoneka ngati mchenga. Chithunzi chikachepa timabisala.

Ngati tsiku lina mudzafune chachikulu chopachika pakhoma, musakoke. Mudzatsegule PNG mu Inkscape, pali Trace Bitmap yomwe imalondola mizere n'kuisandutsa yoti ikule mulimonse osaphwanyika. Imafuna kuikonzakonza pamanja, si ya tsiku lothamanga.

Za buluu ndi kufiira: pulinta ya inki yakuda siiona mtundu, imaona kuwala ndi kuda kokha. Buluu ndi kufiira zikakhala zakuda mofanana zimatuluka phulusa limodzi. Mukadutsitsanso pa fotokope phulusalo limada n'kumeza mizere. Ine ndikanachita chonchi: pulintani kope imodzi, tengani cholembera chakuda, mpweya wolowa muuike timadontho, woyaka muuike mizere yopingasa, utsi timizere tokhotakhota. Ndiye mufotokope yomwe mwakonzayo.

Mundilole kankhani kapambali. Zomwe mukuchitazi si zachilendo. Mu 1878 Eadweard Muybridge anajambula hatchi ikuthamanga ku Palo Alto, ku California, ndi makamera ondandalika, zithunzizo n'kuzisanja m'mizere pa khadi limodzi kuti anthu aone momwe miyendo imayendera. Ndipo zaka 10 izi zisanachitike, mu 1868, John Barnes Linnett wa ku Britain anali atalembetsa kale kabuku kaja kovundukula ndi chala, zithunzi n'kumayenda. Ndatchula dala. Mafulemu anu 72 aja musawataye. Pa kukula kwa mamilimita 51 ndi 68 amakwana 12 pa A4 imodzi, mapepala 6 okha. Mukadula n'kumanga mbali imodzi, muli ndi injini yoyenda yosafuna magetsi. Kamodzi kokha ka kalasi yonse n'kokwana. Pepala likhale lolimbako, lofewa limamatirirana.

Chinanso chaching'ono: ngati GIF yanu munaitenga pa malo ngati Wikimedia Commons, zambiri za kumeneko amalola kukopera bola mutchule wojambula. Kamzere kamodzi pansi pa tsamba sikawononga kanthu.

Sipanala14 anayankha:

Abale inu, zikomo. Ndachedwa kubwera chifukwa ndimafuna ndiyambe ndachita kuti ndidzanene zomwe ndaona ndi maso.

A Chiphaniphani, kawindo kakuda kaja ndinakalowa ndi mantha. Ulendo woyamba kanandikana chifukwa fayilo ndinaitcha injini.gif pomwe kompyuta inali itabisa kale .gif ina kumapeto, ndiye dzina lenileni linali injini.gif.gif. Mwana wanga ndi amene anatulukira, akundiseka. Titakonza, sindinamalize n'kuphethira komwe, foda yadzaza zithunzi 72, chilichonse injini yathunthu. Fanizo lanu la bolodi ndalibanso, ndinafotokozera nalo mnzanga wa mu ofesi ngati nzeru zanga.

Agogo, munalosera. Chithunzi 00 pisitoni inali isanafike pamwamba, ikumalizitsa kutulutsa utsi. Pamwamba penipeni inafika pa 05. Ndiye ndinawerenga kuchokera pamenepo: 05, 14, 23, 32, 41, 50, 59, 68. Nditazindandalika pa sikirini, moto wa pulagi panalibe ngakhale pamodzi. Ndinabwerera m'mbuyo chimodzichimodzi n'kuupeza pa 39 ndi 40 pokha, pa 41 unali utazima kale, mpweya wafiira. Ndikanapanda kuwerenga zanu ndikanagawa mapepala 26 a injini yoyaka yokha ngati ya dizilo. Ndinachotsa 41 n'kuika 40, pansi pake ndinalemba kuti madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Zandipatsanso poyambira phunziro la timing, la nthawi yomwe pulagi iyenera kuthetheka, lomwe chaka chilichonse ndimasowa polilowera.

Za mapasa zija ndinafuna ndikuyeseni, mundikhululukire. Ndinapulinta 14 ndi 50 popanda muvi, popanda mawu, ndinapatsa mnyamata yemwe amakhoza kuposa onse m'kalasi. Ndinati, iti ikukoka mpweya, iti yayaka? Anayang'ana, anatembenuza pepala, anakanda mutu. Anayankha bwino, koma patapita nthawi, atachita kuyandikitsa pepala kumaso kuti aone valavu. Ndinati ngati uyu wavutika chonchi, nanga enawo? Mivi ndinaika, yonenepa.

Kusanja sindinachitire njira ya Print ija, a Kadzioche, ngakhale ndinaiyesa ndipo imagwira. Vuto lake siinandipatse malo olemba, komanso imasanja zithunzi motsatana chopingasa. Ine ndimafuna sitiroko iliyonse ikhale ndi mzere wake wotsika: poyambira pamwamba, pakati pake m'munsi. Ndiye ndinabwerera ku Word yomwe ija, pepala cham'mbali, tebulo la mabokosi 4 chopingasa, mutu pamwamba pa bokosi lililonse: kukoka, kupanikiza, kuyaka, kutulutsa utsi. Zithunzi ndinaziika pa mamilimita 60 monga ananenera a Tsamba_Loyera. Ndinasunga ngati PDF, tsamba limodzi. Mano a sowo akuoneka pang'ono pa mzere wopendekera wa con-rod ukayang'anitsitsa, koma palibe mwana wadandaula. Timadontho ndi mizere yopingasa ndinajambula ndi cholembera usiku, kope yoyamba ndinaiwononga chifukwa ndinaika madontho mu utsi, yachiwiri inatheka.

Pamodzi pokha sindinatsate malangizo. Agogo munati valavu yotseka ndiilembe kuti yatseka. Ine ndasiya timizere topanda kanthu pansi pa chithunzi chilichonse kuti ophunzira alembe okha kuti valavu iti yatseguka, iti yatseka. Ndikawalembera, amata pepala m'kope osaliyang'ananso.

Kabuku kovundukula kaja nakonso tinapanga, ndipo ndi komwe kabweretsa funso latsopano. Ndinasanja 12 pa tsamba, mapepala 6, ndinapatsa atsikana awiri kuti adule ndi sizasi. Sitepula inakana kuboola mapepala 72. Poti tili mu wekishopu, tinaupana muluwo pa vaisi pakati pa timatabwa tiwiri, tinaboola ndi drilu, tinalowetsa bawuti ya M6 ndi mawasha, kumanga ndi sipanala 10. Kabuku ka bawuti. Kakuyenda ndithu, ana akulimbirana. Koma penapake pakati pa kupanikiza, pisitoni imadumpha kubwerera pansi n'kukweranso, ngati injini ya misfire. Podula paja timapepala tinasakanikirana, ndipo popeza 26, 27 ndi 28 n'zofanana ngati mazira, palibe akudziwa kuti kolakwika ndi kati. Tamasula bawuti kawiri. Kodi pali njira yoti nambala ya fulemu izituluka yokha pansi pa kachithunzi kalikonse, ndisachite kulemba 72 pamanja?

Gogo_Makaniko anayankha:

Za timizere topanda kanthu mwandiposa, achimwene, ndavomera. Koma mawasha muike mbali zonse ziwiri, ndipo musamange kwambiri. Mukafinya, mapepala amatukumuka kumapeto, chala chimatenga atatuatatu.

Chiphaniphani anayankha:

Ilipo, aphunzitsi. Mu kawindo kakuda komwe kaja, mu foda yomwe muli ma PNG:

magick montage -label %t chithunzi_*.png -tile 3x4 -geometry +45+4 kabuku.pdf

-label %t imalemba dzina la fayilo pansi pa chithunzi chilichonse, chithunzi_26, chithunzi_27, choncho. Iyenera kubwera mayina a zithunzi asanabwere monga ndalemberamu, mukaiika kumapeto siigwira. 3x4 ndi 12 pa tsamba aja, ipanga yokha masamba 6. +45 ikusiya mpata woyera m'mbali, pomwe padutse bawuti yanu. Populinta musankhe Fit kuti tsamba likwane pa A4, ndipo masamba onse 6 apulintidwe ulendo umodzi kuti kukula kufanane. Atsikanawo muwauze adule m'munsi mwa nambala, osati pamwamba pake.